Ufulu wa India ndi Njira Imene Mbiri Yake Idadzera ku Nyasaland

Munthu wa ku Mitundu kapena ku Nathenje amene adakula nkhondo ya Hitler isanayambe adamdziwa Mmwenye monga mwini sitolo basi. Atagulitsa fodya wake wa chikopa, ankapita ndi masheleni ake ku mzere wa masitolo, kumene ankagula biliwita ndi melekano, khasu, mikanda, palafini ndi mchere, telala ali pakhonde kupalasa makina ake. Mwa ogula aja adali owerengeka okha amene adadziwa kuti mwini sitoloyo nayenso adali munthu wolamulidwa, ndi kuti kwao, patsidya pa nyanja yaikulu, abale ake adali pa mkangano woopsa ndi Boma lomwelo la Angerezi; ndipo mkanganowo udagona pa zinthu ziwiri za m'sitolo yake yomweyo, ndizo nsalu ndi mchere. Ambiri a amalondawa adachokera ku Gujarat ndi ku Kutch, kuzambwe kwa India, ndipo Gujarat ndiko kwao kwa Mohandas Gandhi.

Angerezi adalowa m'India monga amalonda. Kampani ya East India idalandira chilolezo kwa Mfumukazi Elizabeth m'chaka cha 1600, nikhala zaka zambiri m'madoko, kugula tsabola ndi nsalu, ndi kugwadira mafumu a dzikolo. Koma ufumu waukulu wa Mughal utayamba kugawanika, Kampani idalemba asilikali ake, nilowerera m'milandu ya mafumu, kukweza uyu ndi kugwetsa uyo. Mu 1757 Robert Clive adagonjetsa mfumu ya Bengal pa Plassey, makamaka popeza adali atanyengerera kale mkulu wa nkhondo wa mfumuyo, ndipo mu 1765 Kampani idapatsidwa mphamvu yokhometsa msonkho m'Bengal. Amene adziwa mbiri ya Mandala ndi ya kampani ya Cecil Rhodes adzaona kuti mayendedwe ake ndi amodzimodzi, sikelo patsogolo, mfuti pambuyo.

Mu Meyi 1857 asilikali Achimwenye a Kampani adaukira mabwana ao pa Meerut, nanka ku Delhi. Chidautsa mapiri pachigwa ndi zipolopolo zatsopano, zokutidwa ndi pepala limene msilikali adayenera kuliluma ndi mano, ndipo mbiri idamveka kuti pepalalo lidapakidwa mafuta a ng'ombe ndi a nkhumba. Pakuti kwa Mhindu ng'ombe ndi yopatulika, ndipo kwa Msilamu nkhumba ndi yonyansa. Koma pansi pake padali madandaulo akale, a maiko olandidwa ndi msonkho wolemera. Angerezi adazima moto umenewu mwankhanza, mothandizidwa ndi Amwenye ena, ndipo mu 1858 Kampani idachotsedwa, Boma la ku London nilitenga dzikolo m'manja mwake.

Mau akuti "mothandizidwa ndi Amwenye ena" ndiwo mutu wa nkhani yonse. Pa zaka za m'ma 1930 anthu a m'India adali oposa mamiliyoni 300, koma mabwana a Indian Civil Service, amene adagwira maboma onse, adangopitirira pang'ono 1,000, ndipo ena a iwo adali Amwenye. Wokhometsa msonkho adali Mmwenye, kalaliki Mmwenye, wapolisi Mmwenye, woyendetsa sitima ya pamtunda Mmwenye, msilikali Mmwenye. Boma lija lidali ngati bwana wa m'machila, amene ulendo wake uli pa mapewa a ena. Ndipo mapewa amenewo sadanyamule Angerezi m'India mokha. Harry Johnston atapatsidwa dziko lino mu 1891 adatumiza ku India kukapempha asilikali, ndipo kudadza anthu 70, Asikhi ndi Asilamu, ndi mtsogoleri wao Kaputeni Cecil Maguire, amene anthu a Makanjira adamupha mu Disembala wa chaka chomwecho. Mu 1893 kudafika Asikhi ena 200. Asilikali a nduwira amenewa adali m'magulu amene adathyola Mwase Kasungu kumapeto kwa 1895 ndi Gomani Chikuse mu 1896. Chotero anthu olamulidwa a dziko lina adathandiza kuika goli pa anthu a kuno. Chinenero chomwe chidasunga mapazi a nthawi imeneyo: ndalama imene mabuku akale aitcha lupiya ndi ya ku India, wochapa zovala wotchedwa dobi dzina lake ndi la ku India, ndipo theka loyamba la liu lakuti galimoto lidachokera komweko, kudzera m'Chiswahili.

Bungwe la Indian National Congress lidabadwa ku Bombay mu Disembala 1885, pa msonkhano wa anthu 72, ambiri a iwo maloya, aphunzitsi ndi olemba nyuzi. Adali aulemu, olankhula Chingerezi chosalala, ndipo ntchito yao idali kulemba makalata opempha. Komabe mmodzi wa iwo, Dadabhai Naoroji, adachita chinthu chachikulu pakuwerengera poyera chuma chimene chidali kutuluka m'India chaka ndi chaka kunka ku Mangalande osabwerera. Chitsanzo chimene munthu aliyense adachimva ndi cha nsalu. Kale India ndiye adali kuvala maiko ena. Tsono thonje lake lidali kukwera sitima kunka ku makina a ku Lancashire, nilibwerera lili nsalu yogula, oomba a m'midzi atakhala manja lende. Zomwezo zidaoneka kuno, pakuti nsalu za thonje zimene Livingstone adapeza Amang'anja alikuomba mu 1859 zidazimirira melekano atachuluka. Bwanamkubwa Curzon atadula Bengal pawiri mu 1905, anthu adayankha ndi kukana nsalu za ku Mangalande, ena nazitentha pa mabwalo, ndipo mu 1911 Bengal adalumikizidwanso.

Gandhi adaphunzira luso lake mu Africa muno. Adafika ku Natal mu 1893 ali loya wachinyamata, ndipo chaka chomwecho adatsitsidwa m'sitima pa Pietermaritzburg chifukwa cha khungu lake. Adakhala ku South Africa mpaka 1914, kutsogolera Amwenye a kumeneko pa njira imene adaitcha satyagraha, ndiko kunena kugwiritsitsa choonadi: kuswa lamulo loipa poyera, masana, osamenya munthu, ndi kulandira chilango chake osathawa. Atabwerera kwao mu 1915, mlandu woyamba umene udamtchukitsa udali wa alimi a ku Champaran mu 1917, amene eni minda Achizungu adali kuwaumiriza kubzala mbeu ya utoto pa magawo 3 mwa magawo 20 a munda uliwonse. Munthu wa ku Thyolo kapena ku Chiradzulu akadamva mlandu umenewu akadati, si thangata uyu?

Amwenye oposa miliyoni imodzi adatumikira Angerezi pa nkhondo ya 1914, nayembekeza mphotho. M'malo mwake adalandira lamulo la Rowlatt, lololeza kutsekera munthu popanda kumweruza. Pa 13 Epulo 1919 khamu lidasonkhana m'bwalo lotchingidwa ndi makoma la Jallianwala Bagh, mu mzinda wa Amritsar, ndipo Jenerali Dyer adaimika asilikali ake pa khomo, nalamula kuombera kufikira zipolopolo zidatsala pang'ono kutha. Boma lidawerenga akufa 379. A Congress adati adaposa 1,000. Kuyambira tsiku limenelo anthu ambiri amene adali kukhulupirira chilungamo cha Angerezi adataya mtima.

Chimene Gandhi adachita mu 1920 sichitchulidwa kawirikawiri, koma chidaposa zambiri zotchuka. Adasanduliza Congress kuti ikhale ya anthu wamba. Chopereka cha umembala chidatsitsidwa kufika pa ma anna 4 pa chaka, kandalama kakuti mlimi angathe. Nthambi zidakhazikitsidwa kufikira m'midzi. Ndipo zigawo za bungwelo zidadulidwa potsata zinenero za anthu, kuti Mtamil amve nkhani za dziko m'Chitamil ndi Mgujarati m'Chigujarati. Iye mwini adalemba nyuzi yake ya Navajivan m'chinenero cha amake. Pamenepo mau akuti "tisathandize Boma" adafika kwa onyamula machila enieniwo. Ana adatuluka m'masukulu a Boma, maloya adasiya makhoti, anthu adabweza maulemu amene Mfumu idawapatsa, ndipo njinga yopotera thonje idalowa m'nyumba za olemera ndi osauka omwe. Koma mu Febuluwale 1922 khamu lokwiya lidatentha nyumba ya polisi pa Chauri Chaura, apolisi 22 nafera momwemo. Gandhi adaimitsa ntchito yonse pomwepo, anzake ali m'ndende nakwiya naye kwambiri. Ena amati adataya mwai. Koma iye adadziwa kuti pa nkhondo ya mfuti Boma ndilo katswiri, ndipo likhumba kuti mdani wake adze pa bwalo limenelo.

Nkhani ya mchere iyenera kufotokozedwa bwino. M'India mchere udali wa Boma lokha. Munthu wokhala m'mbali mwa nyanja, amene dzuwa lidamuumitsira mchere pakhomo pake, akautola adali wolakwa. Agogo a kuno amene ankaphika mchere wa m'dothi la m'madambo ndi wa phulusa la udzu akadaseka lamulo lotere, ndipo kuseka kumeneko ndiko Gandhi adafuna. Msonkho wina umakhudza ena ndi kusiya ena, koma mchere aliyense amadya, Mhindu ndi Msilamu, mkazi wamasiye ndi wopemphapempha. Congress itanena ku Lahore mu Disembala 1929 kuti ifuna ufulu wathunthu, Gandhi adalembera Bwanamkubwa Irwin kumuuziratu kuti adzaswa lamulo la mchere. Pa 12 Malichi 1930 adanyamuka pa Sabarmati, pafupi ndi Ahmedabad, ali ndi zaka 60, ndodo m'manja, anthu 78 pambuyo pake, nayenda pansi mailosi ngati 240, kugona m'midzi ndi kulankhula ndi anthu madzulo alionse. M'midzi ya m'njira nyakwawa zambiri zidatula pansi udindo wao wa Boma. Pa 6 Epulo, pa gombe la Dandi, adawerama natola mchere wosakanizika ndi matope.

Boma lidasowa pogwira. Kumleka kudali kuvomera kuti lamulo lafa. Kummanga kudali kuuza dziko lonse lapansi kuti ufumu waukulu uopa nkhalamba yotola mchere. Lidammanga mu Meyi, ndipo m'mwezi womwewo anthu ake, motsogozedwa ndi mai Sarojini Naidu, adayenda mizeremizere kunka ku malo opangira mchere a Dharasana, apolisi nawagwetsa ndi zibonga, iwo osakweza ngakhale mkono. Ogwa ankanyamulidwa, mzere wina nubwera. Mtolankhani wa ku America, Webb Miller, adaziona nazifalitsa m'maiko ambiri. Chaka chisanathe anthu oposa 60,000 adali m'ndende, ndipo akazi, amene kale sankaoneka pa zotere, adatuluka ochuluka. Ufulu sudabwere chaka chimenecho, ngakhale msonkho wa mchere sudathe. Koma mu 1931 Bwanamkubwa adakhala pansi ndi wandende wake kupangana naye monga munthu ndi mnzake.

Kunena kuti India adamasulidwa ndi kufatsa kokha kungakhale kunamiza ana a sukulu. Mu 1939 Bwanamkubwa Linlithgow adalowetsa dzikolo m'nkhondo osafunsa Mmwenye aliyense. Mu Ogasiti 1942 Congress idauza Angerezi kuti achoke, ndipo atsogoleri onse atamangidwa usiku umodzi, anthu adazula njanji, nadula mawaya, natentha mapositi ofesi. Mu 1943 njala ya ku Bengal idapha anthu pakati pa mamiliyoni 2 ndi 3, Boma lili ndi maso pa nkhondo. Subhas Chandra Bose adasonkhanitsa asilikali Achimwenye ogwidwa ndi Ajapani, nawatembenuza kuti amenyane ndi Angerezi. Ndipo mu Febuluwale 1946 amalinyero a zombo za nkhondo adaukira pa Bombay. Mangalande adatuluka m'nkhondo ali ndi ngongole, ina ya kwa India yemwe, ndipo Boma la Attlee lidaona kuti msilikali ndi wapolisi Wachimwenye sangadaliridwenso. Kufatsa kwa Gandhi kudachotsa ulemu wa Boma, nkhondo idalichotsa chuma, ndipo mapewa aja adayamba kutsika.

Pa zaka zomwezo anyamata a kuno adaliona dzikolo ndi maso ao. Asilikali a Keyala, amene ankalembedwa m'maboma onse a Nyasaland, ndi m'Lilongwe momwe, adaoloka nyanja kunka ku Ceylon mu 1943, namenyana ndi Ajapani m'nkhalango za Burma mu 1944, m'chigwa cha malungo cha Kabaw, ndipo mu 1945 ambiri adakhala pa misasa ya ku Ranchi, m'India mwenimweni. Adaona Amwenye ovala nyenyezi za usilikali pa mapewa, naonanso umphawi woposa wa kwao. Kudali kunenedwa kale kuti asilikali obwerawa ndiwo adayatsa moto wa ndale kuno. Ofufuza a pambuyo pake apeza kuti ambiri adangobwerera kumudzi, nagula njinga kapena makina osokera, nakhala. Koma munthu amene adaona Mzungu akuthawa ndi kulira monga anthu ena onse sadamuopenso monga kale.

Ufulu udadza pa 15 Ogasiti 1947, koma udadza ndi mwazi. Muslim League ya Muhammad Ali Jinnah idaopa kuti Asilamu adzamira pakati pa Ahindu ochuluka, ndipo kuyambira 1940 idafuna dziko lakelake. Malire a India ndi Pakistan adalembedwa m'masabata 5 ndi loya wa ku London, Cyril Radcliffe, amene adali asanapondepo m'India. Anthu oposa mamiliyoni 12 adasiya midzi ya makolo ao, ndipo ophedwa m'njira adali zikwi mazanamazana. Jawaharlal Nehru adakweza mbendera ku Delhi, Gandhi ali ku Calcutta kusala kudya kuti anthu aleke kuphana. Pa 30 Januwale 1948 Mhindu mnzake adamuombera, namupha, pomuda kuti akondera Asilamu.

Tsono mbiri imeneyi idafika bwanji ku Nyasaland? Dzina lidatsogola. Gandhi adayambitsa Natal Indian Congress mu 1894. Afirika a ku South Africa adatcha bungwe lao Congress mu 1912. Ndipo mu 1944 James Sangala, Levi Mumba ndi anzao adakhazikitsa Nyasaland African Congress. Njira yake idayesedwa mu 1953, pa nkhani ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Congress ndi mafumu adagwirizana kuti anthu asathandize Boma, ndipo kudafika mbusa wa Chingerezi, Michael Scott, amene adakhalapo ku India, namangidwanso ku Durban mu 1946 pamodzi ndi Amwenye okana lamulo la malo. Mchere wa kuno udali malimidwe. Malamulo a mizere yopingasa, a milambala ndi a kuzula mapesi a fodya pa tsiku loikika adali ndi nzeru yake pa kusunga nthaka, koma adadza ndi chindapusa ndi ndende, ndipo mlimi wa m'maiko a Chadza, Chiseka, Kalumbu ndi Mazengera adakomana ndi Boma m'munda mwake momwe. Mu Meyi Inkosi Philip Gomani, mwana wa uja adaphedwa mu 1896, adauza anthu ake a ku Ntcheu kuti asamvere malamulowo. Boma lidamchotsa pa mpando. Apolisi atadza kudzamtenga ku Lizulu, pa mseu womwewo wodzera pa Nathenje ndi Dedza, iye adathawira m'dziko la Apwitikizi pamodzi ndi Scott. Adabwezedwa onse awiri, Scott napirikitsidwa m'dziko muno, ndipo Gomani, amene adali wodwala kale, adamwalira mu 1954. Mu Ogasiti 1953 chipolowe chidabuka ku Thyolo ndi m'maboma ena a kumwera, anthu 11 naphedwa, ndipo posakhalitsa Congress idaleka.

Chifukwa chake sichisowa. Congress ya 1953 idafanana ndi ya India ya 1885 koposa ya 1930: idali ya akalaliki ndi aphunzitsi, yopanda ndalama, yopanda nthambi zokwanira m'midzi, yopanda anthu ozolowera kumenyedwa osabwezera. Zimenezi zidayamba kukonzeka anyamata monga Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza atalowa, ndipo Chisiza adagwirapo ntchito mu ofesi ya Boma la India ku Salisbury asanapirikitsidwe kumeneko mu 1956. Dr Banda atafika pa 6 Julaye 1958 nthambi zidamera ponseponse. Chodabwitsa ndi chakuti iye ankalankhula kwa anthu m'Chingerezi, mau ake nafika m'makutu mwao kudzera mwa omasulira. Ndipo wodziwika koposa wa iwo, John Msonthi, adaphunzira ku Bombay. Pa 3 Malichi 1959 Boma lidalengeza za ngozi, anthu oposa 1,000 natsekeredwa, 51 naphedwa, 20 a iwo pa Nkhata Bay. Monga Amritsar, imfa zimenezi zidavula Boma ulemu, makamaka bungwe la Devlin litalemba kuti Nyasaland wasanduka dziko la apolisi. Kuchokera pamenepo kufika pa 6 Julaye 1964 padangopita zaka 5, pakuti Angerezi amene adatula India, ngale ya ufumu wao, sakadakhetsa mwazi wambiri chifukwa cha dziko losauka ngati lino.

Amwenye a kuno adakhala pakati, Mzungu pamwamba, Mfirika pansi, ndipo ambiri adasankha kukhala chete kuseri kwa sikelo, ngakhale ena, monga loya Sattar Sacranie, adaima poyera ndi ofuna ufulu. Boma la Dr Banda lidayamba kuwachotsa m'midzi mu 1970, ndipo pofika 1978 malonda ao adatsala m'mizinda ikuluikulu yokha, masitolo a pa misika ya kumidzi napita m'manja mwa eni dziko, ena nangotsekedwa. Dzina la Gandhi nalonso silidakhale lopanda mlandu. Ali wachinyamata ku Natal adalemba mau onyoza anthu akuda, ndipo adamenyera Amwenye okha, ngakhale Kwame Nkrumah ndi Kenneth Kaunda pambuyo pake adamtcha mphunzitsi wao. Mu 2018, pamene padakonzedwa zoimika chifanizo chake pa Ginnery Corner mu Blantyre, achinyamata ena adakumbutsa mau aja, nanka kukhoti, ndipo mu Okutobala khoti lidaimitsa ntchitoyo. Chifanizocho chidavundukulidwa mu 2020 ku Lilongwe, m'kati mwa mpanda wa ofesi ya kazembe wa India.